Kadzidzi Wachinayi wa pa Kaseti ya Amalume

Komandu ya amalume ikadali m'bokosi langa, pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi mapepala a ana. Ndi kachipangizo kakuda kolamulira vidiyo munthu ali patali, kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga ndi kumangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mabatani ake onse akadali ndi zilembo zawo kupatula limodzi. Batani loimitsira linafufutika mpaka kusalala ngati njere ya bwemba, ndipo linalowa m'kati pang'ono chifukwa chodinidwa mwamphamvu. Ana anga akaiona amandiseka kuti ndimasunga chiwongolero cha galimoto imene inapsa kalekale. Sakunama kwenikweni.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene komanduyi inafika pakhomo pathu. Tinali titabwerera kumudzi, kufupi ndi ku Chipera, kuchokera ku Zambia kumene makolo anga anathawira nkhondo. Tinabwerera ine ndi amayi ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Atate anatsalira ku Petauke. Aliyense wofunsa, amayi ankamuuza kuti atsalira kuti agulitse malata a nyumba yathu yakumeneko, akamaliza abwera. Zaka zitatu zinadutsa malatawo akugulitsidwabe. Ine ndikamva galimoto, ngakhale kutali, ndinkataya chilichonse chimene ndanyamula n'kuthamangira kumsewu.

Kenaka amalume anapita kukawatenga atate. Anakhalako miyezi ingapo, n'kubwera m'nyengo yachisanu, anthu atatha kukolola. Anafika pa ngolo yochokera ku Fingoe, atanyamula televizau, vidiyo, kajenereta kofiira ndi makaseti anayi. Ndinavundukula lona yonse ya pa ngoloyo ngati munthu wamkulu angabisale pansi pa makatoni. Amalume anati atate akumaliza zina ndi zina, akubwera. Ponena zimenezo ankayang'ana ng'ombe, osati ine. Tsono ine ndinabadwa wokayikira. Amayi ankati ndili khanda ndinkayamba ndanunkhiza bere ndisanayamwe, ndipo khalidwe limenelo sindinalisiye mpaka lero.

Amalume anamanga chisakasa cha udzu kuseri kwa nkhokwe, n'kutseka mipata ndi masaka kuti m'kati mukhale mdima. Kanema ankayamba masana anthu akatha kudya. Wolowa ankabwera ndi dzira kapena kambale ka mtedza. Ndikatsinzina ndimamvabe fungo la m'menemo, la petulo, udzu watsopano ndi thukuta la anthu othinana, komanso fumbi limene linkatiyabwa m'mphuno ife ana tokhala kutsogolo ndi miyendo yathu yotuwa. Makaseti awiri anali a ndewu, imodzi ya kwaya. Koma imene mudzi wonse unkaikonda inali yachinayi, yomwe pepala lake lapamwamba linapalidwa ndi mpeni. Amalume anati anaijambula okha pa televizau ya mnzawo ku Zambia.

Munali banja lina la kutsidya kwa nyanja, lokhala m'nyumba yokhala ndi makwerero m'kati. Bambo wake anali wonenepa, ndipo ntchito yake inali kutsegula firiji ndi kukangana ndi ana. Ankalankhula Chingerezi chothamanga, choncho amalume ankaima pambali n'kumamasulira. Kumasulira kwake kunali kwa tsiku limenelo basi. Lolemba bambo wonenepa uja ankadandaula za mbuzi yolowa m'munda, Lachinayi mawu omwewo ankatanthauza kuti apongozi akhalitsa. Palibe ankadandaula, tinkaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma sitinali tokha oseka. Munthu wa m'kanema akangotsegula chitseko kapena kugwetsa mbale, khamu la anthu linkaphulika ndi chiseko m'kati mwa bokosimo, koma osaoneka ngakhale mmodzi. Amayi ena anafunsa kuti osekawo ali kuti. Amalume anati ali kuseri kwa makina ojambulira. Yankholi silinakhutitse aliyense, koma linadutsa.

Chimene sichinadutse chinali kadzidzi. Nkhani iliyonse ikatha, mayina ankakwera m'mwamba, kenaka mdima, kenaka pankatulukira kadzidzi wojambulidwa ndi manja, atakhala pa nthambi, atavala magalasi. Ankatembenuza mutu mpaka kumsana, n'kuubweza, n'kutsinzina diso lakumanzere, kabelu n'kulira kamodzi. Akatsegula disolo nkhani ina inkayamba. Tsiku loyamba ana awiri analira ndipo mayi wina anatuluka akulavula. Kwathu kadzidzi akalira padenga anthu amayamba kuganizira za wodwala amene ali m'nyumbamo, ndiye tangoganizani kadzidzi wovala magalasi wokutsinzinira diso masana dzuwa lili phwee.

Pa kaseti ija panali nkhani zinayi, kotero kadzidzi ankabwera kanayi. Woyamba, wachiwiri ndi wachitatu amalume sankawasamala. Nthawi zina ankatuluka kukathira mafuta mu jenereta, kapena kuseka ndi anyamata. Koma mayina a nkhani yachinayi akangoyamba kukwera, ankasiya kumasulira. Ankaimirira pafupi, komandu m'manja, chala chili kale pa batani. Kadzidzi akangotsinzina, iwo ankadina, galasi n'kusanduka labuluu. "Yatha, tulukani bwino," ankatero, mawu atauma. Wachinayiyo sanamulole kutsegula diso ngakhale tsiku limodzi.

Woyamba kuona zimenezi ndinali ine, ndipo ndinanyadira. Ndinawerenga masiku asanu ndi limodzi kuti nditsimikize, kenaka ndinakazitula kuchitsime pamaso pa amayi onse otunga madzi, ngati mwana wobwera ndi mayeso okhoza. Lero ndikakumbukira kamtsikana kaja, chidebe pamutu, kakufotokoza ndi manja, ndimafuna nditakatsina khutu. Ndinalibe cholinga choipa. Ndinkangofuna kuti anthu adziwe kuti ine ndili ndi maso.

Sabata isanathe nkhani inali itamera miyendo. Chisanu cha chaka chimenecho chinali choluma ndipo ana ambiri ankatsokomola, koma tsopano chifuwacho chinapeza mwini wake. Mbuzi za pakhomo lina zinafa ziwiri, anthu n'kukumbukira kuti mwini mbuzizo ankakhala kutsogolo m'chisakasa. Ena anati anthu osaoneka oseka aja ndi ndondocha, anthu ophedwa m'matsenga n'kusungidwa kuti azigwirira ntchito amene anawapha. Ena anati kadzidzi wachinayi akatsegula diso amasankha mmodzi mwa oonera, ndipo amalume akungodikira tsiku lake. Kenaka tsiku lina ndikupeta kuseri kwa mpanda ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Anapita kukatenga mlamu wake, wabwera ndi makina. Nanga mlamuyo ali kuti?" Lichero linandipulumuka m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulandira chilichonse kuchokera m'manja mwa amalume, ngakhale nzimbe.

Ndinayang'ana kwa amayi kuti atsutse, koma sanatsutse. Anzawo akawafunsa pamtondo, ankangoti kadzidzi ndi kadzidzi ngakhale avale magalasi, n'kupitiriza kusinja. Ine anandilamula kuti ndizituluka m'chisakasa nkhani yachinayi isanathe. Ndinatenga zimenezo ngati umboni wakuti nawonso akumuopa mlongo wawo.

Munthu mmodzi yekha amene anaseka nkhaniyi anali aphunzitsi athu, mnyamata wochokera ku Tete amene Chinyanja chake chinkapendekera ku Chinyungwe. Anajambula kadzidzi pa bolodi, n'kutifunsa ngati tinaonapo karimbu, chidindo chimene amamenya pa mapepala ku maofesi a ku Fingoe. Anati kadzidziyo ndi karimbu chabe, chizindikiro cha anthu amene anapanga kanemayo, kuti aliyense adziwe kuti ntchitoyo ndi yawo. Anatinso kwawo kwa anthu amenewo kadzidzi ndi mbalame ya nzeru. Apa kalasi yonse inagwa ndi phwete. Pofuna kutithandiza anawonjezera kuti chiseko chija ndi cha anthu amene anaseka kalekale, chinangosungidwa kuti chizitulutsidwa pofunika. Madzulo ake mawu amenewo anali atazungulira mudzi wonse monga umboni watsopano, wochokera kwa munthu wophunzira, wakuti m'bokosimo mumasungidwadi anthu.

Aphunzitsi anamva chisoni ndipo anabwera kwathu. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe monga mwa ntchito yanga. Anauza amalume kuti mankhwala ake ndi osavuta: aitane akulu a mpingo, aisiye kasetiyo ipitirire mpaka kumapeto, kadzidzi atsegule diso, aliyense aone kuti palibe chimene chachitika. Amalume anakana. Aphunzitsi anawakumbutsa kuti iwo ndi otsogolera kwaya, komanso kuti mtsikana amene anamutomera ndi mwana wa mmodzi wa akuluwo, ndipo zonsezi zitha ngati sadziyeretsa. Amalume anati, "Apulofesolo, simukudziwa chimene mukupempha." Aphunzitsi anachoka akupukusa mutu, ndipo ndinaona kuti nawonso ayamba kukayika.

Loweruka lotsatira m'mawa akulu a mpingo atatu anafika, aphunzitsi ali pambuyo pawo. Amalume analiza jenereta, n'kuika kaseti ija ataifikitsa cha kumapeto. Ankaganiza kuti awaonetsa kadzidzi n'kuimitsa monga mwa masiku onse. Koma akuluwo anati komandu igwidwe ndi mmodzi wa iwo. Mkangano unabuka pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anayamba kusonkhana kumpanda. Palibe anandiona ndikukwawa kulowa m'chisakasa kudzera pa mpata umene agalu anaboola.

Komandu inali pa mpando. Chidwi chinaposa mantha. Ndinadina batani limene ndinkaona amalume akudina poyambitsa. Mayina anakwera. Kadzidzi anabwera, anatembenuza mutu, anatsinzina, kabelu kanalira. Ndinagwira mpando ndi manja onse awiri. Anatsegula diso, n'kuzimiririka, ine ndikadali wamoyo.

Kenaka galasi linachita phokoso ngati mvula pa malata, mizere inathamanga, ndipo panatulukira atate.

Anali atanenepa. Anavala jekete lakuda lokhala ndi duwa pachifuwa, ndipo manja awo anali oyera mbee. Ankayenda pang'onopang'ono movina, phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, m'kati mwa phokoso la nthungululu. Pambali pawo panali munthu woyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope itaphimbidwa ndi nsalu yonga ukonde, atawagwira pamkono. Atate anayang'ana molunjika kwa ine n'kuseka. Mutu wanga unali utadzaza kale ndi nkhani za kuchitsime, choncho sindinafunike wondimasulira. Ndinadziwa kuti atate ali m'gulu la oseka aja, kuti manja awo ayamba kale kusanduka, ndipo choyeracho ndi mzukwa wowalondera kuti asathawe. Ndinawaitana motsitsa mawu, ndikugogoda galasi ndi chala.

Ndinamva fungo la utsi ndi gaga kumbuyo kwanga. Anali amayi. Ndinkayembekeza khofi, koma iwo anangoima, maso ali pa galasi, kwa kanthawi ndithu. Kenaka anatenga komandu m'manja mwanga n'kudina osayang'ana n'komwe pamene pali batani.

"Sunaone kanthu, wamva?"

"Amama, atate ali m'katimo."

"Atate ako ali ku Petauke, akugulitsa malata."

Anatulutsa kasetiyo, n'kuikulunga kunsonga ya chitenje, n'kutuluka nayo. Ndinawatsatira. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pansi pa mango, n'kuipereka kwa amalume. Awiriwo anayang'anana. Amalume anayang'ananso anthu amene anadzaza kumpanda, amayi a kuchitsime onse ali pomwepo ndi ana kumsana. Kenaka anaika kasetiyo pansi patsogolo pa akulu aja.

"Musavutike n'kuonera. Otchani."

Aphunzitsi anawagwira pamkono n'kuwauza kuti akatero avomera mlandu umene alibe. Amalume anati, "Ndavomera."

Anasonkha moto wa zitsononkho. Pulasitiki inapindika, tepi ya m'kati inatuluka ikufwanyazika, ndipo utsi wakuda wonunkha unakwera mpaka anthu anatseka mphuno, ena akuti mwaona kodi. Ine ndinapirira mpaka kasetiyo itang'ambika pakati. Pamenepo ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Mukuotcha atate! Atate ali m'menemo, ndawaona!" Amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja, koma mawu anali atatuluka kale. Amene anali ndi kachikayiko kotsala kanawathera pomwepo, poti mwana sanama. Amalume anandiyang'ana, ndipo pankhope pawo panalibe mkwiyo, chinthu chimene chinandiopsa koposa.

Zotsatira zake zinabwera mwachangu. Amalume anachotsedwa mu kwaya. Nsalu imene anapereka potomera inabwezedwa ndi mwana wotumidwa. Anthu ankasiya njira akawaona akubwera. Makina aja anagulitsidwa kwa wamalonda wa ku Fingoe, ndipo mphepo ya mwezi wa Ogasiti isanathe amalume anamanga kachikwama pa njinga, ulendo wa kumigodi ya golide. M'mawa umenewo anandipeza pakhonde n'kunditambasulira komandu ija. Anati anauza wogula uja kuti inatayika. Ndinabisa manja kumsana. Anaiika pansi pafupi ndi phazi langa, n'kunditsanzika kawiri. Sindinayankhe.

Zoona zake ndinazimva ndili mayi kale, tikusenda mtedza ndi amayi, nditawapanikiza ndi mafunso monga mwa chibadwa changa. Atate anakwatira ku Petauke, ukwati wa mu tchalitchi, wa magolovesi oyera ndi wojambula wolipidwa. Amalume atafika kukawatenga, atate analibe mtima wolemba kalata, ndiye anangowapatsa kaseti ya ukwatiwo kuti akaonetse kumudzi, anthu adziwe okha. Amalume anajambula nkhani zoseketsa zija pamwamba pake kuti aufafanize, koma nkhanizo zinatha ukwati usanathe. Atabwerera kumudzi anauza amayi zonse, ndipo anafuna kudula kachidutswa kotsalako ndi lumo. Amayi ndi amene anawaletsa. M'mawa uliwonse amalume akamayesa jenereta, ine ndili kusukulu, amayi ankalowa m'chisakasa okha kukaonera kachidutswako.

Ndinawafunsa kuti ankafunamo chiyani. Anasenda mtedza wina kaye, kenaka anati, "Ndinkafuna ndione ngati pankhope pa atate ako pali manyazi. Ndinayang'ana chisanu chonse, sindinawapeze."

Sindinawafunse chifukwa chake analola mlongo wawo kutchedwa mfiti m'malo moti mudzi uone kanemayo. Ndinali nditakula mokwanira kudziwa zimene zikanachitikira mkazi amene kwa zaka zitatu ankauza anthu za malata, mwamuna wake akuvina ndi wina pamaso pa mudzi wonse. Komabe kunena zoona sindinawakhululukire kwathunthu, ndipo ineyo ndiye sindinadzikhululukire n'komwe. Amalume sanabwererenso kudzakhala kumudzi. Nditawapeza ku Fingoe patapita zaka, atakalamba msanga ndi fumbi la m'maenje, ndinayamba kupepesa koma anandidula ndi kuseka. Anati ine ndinangomasulira zimene ndinaona, monga ankachitira iwo ndi bambo wonenepa uja. Kenaka anafunsa za ana anga.

Masiku ano ana amenewo amaonera makanema otere pa foni. Nkhani ikatha n'kubwera kachizindikiro ka opanga, kaya ndi kanyama kovina kaya nyali yoyaka, iwo amadumpha msanga kupita ku nkhani ina. Ine ndimawaletsa. Ndimadikira kachizindikiroko kathe, ndi mdima wotsatira uthe, kuti ndione chimene chili kumbuyo. Amati amama ali ndi misala yawoyawo.

Tsiku limene amalume anachoka, ndinadikira njinga yawo izimiririke, kenaka ndinatola komandu ija ndi nsonga ya diresi kuti isandikhudze khungu. Ndinapita nayo kumsewu, ndinailozetsa cha ku Zambia, n'kudina mabatani onse limodzi ndi limodzi, ndikuganiza kuti mwina lina mwa iwo likhoza kuwabweza atate kuchokera mu utsi. Ndinatero masiku ambiri mpaka mvula yoyamba. Batani losalala lija lokha ndinkalidumpha, chifukwa ndinkati limenelo ndi la ufiti wa amalume, limene ankatsekera nalo atate m'kati. Sindinkadziwa kuti linasalala ndi zala za anthu awiri, ndiponso kuti munthu amene ndinakana kumutsanzika uja ankalidina tsiku lililonse kuti ine ndipitirize kukhala ndi atate oti ndiziwadikira kumsewu.